Mapiri Amene Anthu Ankathawirako

Munthu akaima m'chigwa cha Hewe, kwa Mfumu Katumbi kumalire ndi Zambia, amaona mapiri a Nyika atatalika cha kum'mawa. Kwa makolo a m'derali, mapiriwa anali pobisalira. Angoni a M'mbelwa atalowa m'dziko la Nkhamanga m'zaka za m'ma 1850, ufumu wa Chikulamayembe unagwa, ndipo anthu ambiri anakwera kumtunda. Aphoka ankamanga tinyumba tawo pamaterezi ovuta kufikako, poti mdani wonyamula chishango ndi nthungo sangathamange pamalo otero.

Chochititsa chidwi n'chakuti othawa nkhondo kawirikawiri amasankha phiri limene ena anakhalapo kalekale. Phiri la Hora, ku Mzimba, ndi umboni wake. Cha m'ma 1880, Atumbuka otsogozedwa ndi Baza Dokowe anagalukira Angoni n'kukwera phirili. Angoni analizinga, ludzu ndi njala zinawafoola othawawo, ndipo ambiri anaphedwa. Komatu pansi pa matanthwe omwewo panagona anthu akale zedi. Mu 1950, katswiri wofukula zakale J. Desmond Clark anakumba phanga la pa Hora n'kupeza mafupa a anthu, ndipo kafukufuku wa masiku ano anaonetsa kuti ena mwa mafupa a pamalopa ndi a zaka zoposa 8,000.

Ku England kuli nkhani yofanana paphiri la Old Sarum. Cha m'ma 400 Yesu asanabadwe, anthu anazunguliza phirilo ndi ngalande zakuya ndi mitumbira yaitali ya dothi. Patapita zaka pafupifupi 1,500, Mfumu William the Conqueror anaona kuti ntchito yaikulu inagwiridwa kale, choncho cha m'ma 1070 anangoonjezera chulu pakati n'kumangapo linga lake. Miyala ya lingalo anthu anaigumula n'kukamangira zina, koma ngalandezo zikadalipo, ndipo alendo amayenda pamwamba pa mitumbirayo.

Kwathu kuno malinga ambiri anali a mitengo ndi dothi. Mitengo inadyedwa ndi chiswe, zotsala ndi mapale, miyala youndana ndi timitumbira tosaoneka bwino. Phiri la Mbande ku Karonga, likulu lakale la a Kyungu, linafukulidwa ndi katswiri wina, Keith Robinson, ndipo limadziwika. Malo ena otere amangodziwika ndi agogo a m'midzi, ndipo n'zodandaulitsa kuti khasu likhoza kuwasalaza m'dzinja limodzi asanalembedwe n'komwe.