Nyumba Yanu Ndiyo Sukulu Yoyamba ya Mwana

Pa 20 Marichi 2020 masukulu onse a m'Zambia anatsekedwa cifukwa ca matenda a Covid-19, ndipo ana ambiri sanaonenso khomo la kalasi kufikira mwezi wa Seputembala. M'caka ca 2024 kolera inafalikira koopsa mu Lusaka, kotero kuti bwalo la Heroes Stadium linasanduka cipatala. Masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale anatsegulidwa pa 12 Febuluwale. Nthawi ziwiri zonsezi makolo a ku Kamwala, Kanyama, Chawama, Matero ndi makomboni ena anapeza kuti aphunzitsi otsala ndi iwo eni. Ena anayesetsa. Ambiri anangodikira, ndipo ana ena pobwerera anali ataiwala ngakhale zimene ankadziwa kale.

Ku America ndi ku Ulaya kuli mabanja acikhristu amene amaphunzitsa ana ao pakhomo zaka zonse, osawatumiza kusukulu. Kwathu kuno ocepa okha angathe kutero, pakuti bambo ndi mayi amalawirira m'mamawa kukafuna ufa ndi ndiwo. Ndiponso mwana afunika kulembetsedwa kuti adzalembe mayeso a boma. Conco sindikuti mucotse ana kusukulu ai. Koma kuyambira mu Januwale 2022, pamene boma linacotsa malipiro a sukulu, ana anacuruka m'makalasi, ndipo mphunzitsi mmodzi sangathe kumvetsera mwana aliyense akuwerenga. Nchito imeneyo yatsalira inu, makolo anzanga.

Eklezia anaphunzitsa kale zimenezi. M'caka ca 1965 Msonkhano Waciwiri wa ku Vatikani unanenetsa kuti makolo ndiwo aphunzitsi oyamba ndi ofunika koposa a ana ao. Inunso munalonjeza comweco pamaso pa wansembe tsiku la ubatizo wa mwana wanu.

Mwina mukuti, "Nanga ine wosapita patali ndi sukulu ndingaphunzitse ciani?" Kumbukani Mayi Margherita, amake a Yohane Bosco Woyera, amene anabadwa m'caka ca 1815 ku Italy. Mayiyu sanadziwe kuwerenga kapena kulemba, ndipo mwamuna wake anamwalira Yohane ali ndi zaka ziwiri zokha. Komabe anaphunzitsa ana ake katekisimu ndi mapemphero ocokera pamtima, nawazoloweza kugwira nchito ndi kunena zoona. Mwana wa mayi wosawerengayo ndiye anayambitsa cipani ca Asalesiani, amene akuphunzitsa acinyamata ngakhale muno mu Lusaka.

Tsono yambani motere. Sankhani ola limodzi patsiku, lomwelomwelo masiku onse, makamaka kusanade, popeza magetsi sadalirika. Pa ola limenelo wailesi, televizyoni ndi foni zikhale cete. Malo asakudetseni nkhawa: mphasa pakhonde ndi kabenchi zikwanira.

Caciwiri, mwana awerenge mokweza pamaso panu, ngakhale mizere khumi yokha, kenaka afotokoze m'Cinyanja zimene wamva. Kholo losawerenga limatha kuzindikira mwana amene wamvetsa ndi amene akungochula mau ngati cinkhwe. Mabuku akasowa, gwiritsani nchito Baibulo, buku la nyimbo, ngakhale zikwangwani za masitolo a ku Kamwala pamene mukupita naye kumsika.

Cacitatu, masamu ali paliponse. Wamng'ono awerengere zitsekero za mabotolo kapena nyemba. Wamkulu awerengere cenji pa thebulo la tomato, alembe m'kabuku ndalama za makala ndi za madzi, ayerekeze masiku amene thumba la ufa la makilogalamu 25 lidzatha pa banja lanu.

Cacinai, gawani nchito za pakhomo mwacilungamo. Si bwino kuti mtsikana azitsuka mbale ndi kutunga madzi kufikira usiku pamene mlongo wake ali pa buku. Ola la kuphunzira ndi la onse.

Cacisanu, ikani shamu kutali. Mwana woopa kukwapulidwa amabisa zimene sakudziwa, ndipo inu simungamthandize. Akalakwa bwerezani naye. Akakhoza muyamikeni pamaso pa abale ake. Kuongola mtengo mpoyamba, koma woongola mwaukali amathyola.

Potsiriza, tsekani ola lanu ndi pemphero. Werengani Mthenga Wabwino wa Lamulungu likudzalo, funsani funso limodzi la katekisimu, ndipo pempherani limodzi cigawo cimodzi ca Kolona. Akatekisti timaona ana kamodzi kapena kawiri pa sabata. Inu muli nao masiku onse.

Musasenze mtolowu nokha, pakuti mutu umodzi susenza denga. M'kabungwe kanu ka Akhristu muli wina wodziwa Cingelezi, wina masamu, mwinanso mphunzitsi wopuma pa nchito. Mabanja anai kapena asanu angathe kusinthana masiku, ana amasiye osaiwalika. Nkhaniyi muikambe pa msonkhano wa kabungwe mwezi uno. Sitidziwa tsiku limene mliri udzatsekanso zipata za sukulu, koma banja lozolowera kuphunzira pamodzi silidzasowa pogwira. Banja Loyera la ku Nazareti likulimbitseni pa nchito yopatulikayi.