Chifuwa Chachikulu: Ndani Angapatsire Anzake?

Nyengo yosankha fodya ikafika, achikumbi amadzazana m'zigafa kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litalowa. Wina akayamba kutsokomola mosalekeza, anzake amampatulira chikho ndi mbale, ndipo ena amamchotsa ntchito. Komatu tizilombo toyambitsa chifuwa chachikulu cha TB, timene Robert Koch anatitulukira mu 1882, sitiyenda pambale. Timayenda mumpweya pamene wodwala akutsokomola, kuyetsemula kapena kuyankhula.

Pofuna kudziwa ngati munthu angapatsire anzake, a zaumoyo amayang'ana zinthu zinayi.

Choyamba ndi pamene nthendayo yakhazikika. TB ya m'mapapo ndi ya pakholingo ndiyo imafala. Ya m'mafupa kawirikawiri sifala. Munthu amene tizilombo tangogona m'thupi mwake, iye osadwala, sapatsira aliyense.

Chachiwiri ndi makhololo. Tizilombo tikamaoneka tambiri poyeza, ndiye kuti mwini wake angathe kupatsira anthu ochuluka. Makina a GeneXpert, amene bungwe la WHO linawavomereza mu 2010, amapereka yankho m'maola awiri okha, ndipo amaonetsanso ngati tizilomboto sitikumva mankhwala a rifampicin.

Chachitatu ndi mankhwala. Wodwala akamamwa mankhwala oyenera mwandondomeko, mphamvu yopatsira ena imachepa kwambiri m'masabata awiri oyamba, ngakhale kuti ayenera kumwabe kwa miyezi 6. Woopsa ndi amene sanayezetse, ndiponso amene analekeza panjira. Izi zimachitika munthu akawoloka malire asanamalize mankhwala, monga ogwira ntchito m'migodi, amene fumbi la miyala limawawononga mapapo. N'chifukwa chake mu 2012 atsogoleri a mayiko a SADC anasaina mgwirizano ku Maputo wolimbana ndi TB m'migodi.

Chachinayi ndi malo. M'chipinda chotseka mazenera tizilombo timakhala mumpweya kwa maola angapo, pamene pabwalo mphepo imatimwaza ndipo dzuwa limatipha.

Mlangizi si dokotala, koma ndiye amakumana ndi achikumbi tsiku ndi tsiku. Akaona munthu amene watsokomola masabata awiri, akuonda ndi kutuluka thukuta usiku, amulimbikitse pambali kukayezetsa pamodzi ndi a m'banja lake. Msonkhano wa kalabu auchititse pansi pa mtengo. Kusala wodwala kumangochititsa kuti abise chifuwa chake, ndipo chifuwa chobisidwa ndicho chimafala.