MAI WA ANA ANG'ONO NAYENSO APUMEKO

Kodi alipo pakati pa inu, alimi a ku Makhanga, amene amanga ng'ombe zake pa ngolo kuyambira mbandakucha kufikira madzulo? Palibe. Dzuwa likafika paliwombo muzimasula kuti zimwe madzi ndi kugona pamthunzi, pakuti mudziwa kuti ng'ombe yotopa siikhalitsa. Tsono ngati tichitira nyama chifundo chotere, nanga mai wa ana athu apuma liti?

Anzathu a kumapiri akakolola amapumako. Kuno ku chigwa sizitero iai. Mvula ikagwa tibzala thonje, mapira ndi mchewere. Madzi a Shire ndi Ruo akayamba kuphwa titsikira ku dimba kukabzala chimanga, mbatata ndi nyemba, ndipo nthawi yomweyo thonje lifuna kutola. Chaka chitha khasu lisanagone. Kuonjeza apo, chigumula cha mu January 2015 ndi namondwe Freddy wa mu March 2023 zinagwetsa nyumba zambiri, ndipo mabanja anayambanso kumanga.

Bambo akaweruka ku munda apita ku bawo kapena ku mpira. Mai aweruka mwana ali kumbuyo, nkhuni ziri pamutu, ndipo pakhomo pamdikira mtondo, mtsuko ndi moto. Munthu wotere sachedwa kufooka ndi kupsera mtima ana. Akagona pamphasa nthawi yopalira, udzu umaliza munda, ndipo njala ilowa m'nyumba.

Chifukwa chake, inu abambo, patulani madzulo a tsiku limodzi pa sabata kuti akhale a akazi anu. Miyezi ya October ndi November, pamene kutentha kutichotsa m'munda msanga, ndiyo yabwino kuyambirapo. Ana akadya nsima ya masana, atengeni inu. Khalani nao pansi pa mtengo, auzeni nthano, aumbireni ng'ombe zadothi. Mai apite kumene mtima wake ufuna, kaya kukabvina utse ndi anzake, kaya kukamva valimba, kaya ku kwaya, kaya kukalukitsa tsitsi kwa mbale wake. Akafuna kungogona tulo, mlekeni agone. Koma musamtume ku chigayo kapena ku mjigo ndi kunena kuti wapita kokayenda. Imeneyo ndi nchito ndithu.

Inu amai amene mulera ana nokha, panganani atatu kapena anai oyandikana nyumba. Lero mmodzi asunge ana onse, tsiku lina mnzake. Paja akulu anati chipande cha therere chikoma n'kuyenderana. Kumene kuli sukulu ya mmera mpoyamba, tumizaniko ana a zaka 3 kufikira 5, ndipo pa maora amenewo mupezepo kanthawi kokhala pansi.

Koma chenjerani pa zinthu ziwiri. Choyamba, mwana asiyidwe ndi munthu wamkulu, osati ndi mchemwali wake wa zaka 7. Kwathu kuno ng'ona ziri pafupi, ndipo zithaphwi, zitsime zosatseka ndi moto wa pamafuwa sizidikira. Chachiwiri, khanda losakwana miyezi 6 chakudya chake ndi bere lokha. Mai wake apumire pafupi, kuti likalira amuitane.

Ena adzaseka poona mwamuna atanyamula mwana, nadzati anamdyetsa mankhwala. Asiyeni aseke. Anawo ndi anu, ndipo mwana amene azolowera manja a bambo wake sabvuta tsiku limene mai ali ku chipatala. Ndipo inu amai, musachite manyazi kapena kudziyesa aulesi pokhala pansi. Mukabwerako mutaseka ndi anzanu, ana alandira mai wa nkhope yowala, ndipo m'mawa khasu lipepuka.

Kambiranani nkhaniyi usiku uno ana akagona, ndipo musankhe tsiku lanu sabata ino isanathe.