Madzi Othirira Thonje Asathere M'ngalande

Alimi ambiri a thonje m'mbali mwa nyanja muno amadalira mvula, koma inu nomwe munaona mmene ng'amba ya mu 2024 inafotetsera mbewu, mpaka boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 a dziko lino. Chifukwa chake ena mwa inu amene minda yanu ili pafupi ndi mitsinje ya Bua, Kaombe ndi Dwangwa mwayamba kupatutsa madzi kapena kupopa ndi pampu kuti mupulumutse thonje pamene mvula yadula. Nzeru imeneyi ndi yabwino. Chimene chimatidandaulitsa ife alangizi ndi kuchuluka kwa madzi amene amatayika asanafike kumizu.

Akatswiri a bungwe la FAO amawerengera kuti pothirira m'mizere, mwa ndowa 10 zilizonse zolowa m'munda, pafupifupi 6 zokha ndi zimene mbewu imamwa. Apa sitinawerengere madzi otayika m'ngalande. Ngalande yokumba pamchenga, monga wa kunyanja kuno, imamwa madzi ngati thumba loboka. Tsono ntchito iyambire pomwepo: lambulani udzu, matani ming'alu ndi dothi lamakande ndi kutsendera bwino, ndipo tsekani mauna a nkhanu ndi mbewa.

Vuto lalikulu lili pa kutalika kwa mizere. Madzi akalowa m'khwawa la mzere, kumtunda amayamba kulowa pansi nthawi yomweyo, pamene kumunsi kudakali kouma. Mzere ukatalika kwambiri pamchenga, mlimi amadikira nthawi yaitali kuti madzi afike kumapeto, ndipo pofika nthawiyo a kumtunda apitirira kale mizu, atatenga ndi feteleza yemwe munagula ndi ndalama zanu. Mudzaona thonje lachikasu kumtunda, lofota kumunsi, labwino pakati pokha. Munda wotere uduleni pakati ndi ngalande ina kuti mizere ifupike. Pamakande mizere ingathe kutalika chifukwa madzi amalowa pang'onopang'ono. Salazaninso zitunda ndi maenje musanaunge mizere, pakuti madzi sakwera chulu.

Potsegula, lowetsani madzi ambiri ndithu kuti athamange, koma osafika pokokolola dothi. Akayandikira kumapeto, chepetsani kapena tsekani. Otsalawo adzafika okha. Musatsegule ndi kupita kukacheza, kapena kusiyira mwana. Madzi akachepa mumtsinje, thirirani khwawa limodzi ndi kudumpha lina, ndipo ulendo wotsatira muthirire amene munadumpha aja.

Kodi mungadziwe bwanji kuti madzi akwana? Maŵa lake tengani kachitsulo kapena ndodo yosongoka, mubaye kumtunda, pakati ndi kumunsi kwa mzere. Imalowa mosavuta m'dothi lonyowa, niima pamene pali pouma. Ngati kumtunda ikuloŵa yonse koma kumunsi ikungofika chikhatho chimodzi, mizere yanu yatalika kapena madzi mukuwalowetsa ochepa.

Thonje silifuna madzi ofanana nthawi zonse. Likali laling'ono limamwa pang'ono, ndipo kulithirira kwambiri kumangolikulitsa masamba. Ludzu lake lenileni ndi pamene likuchita maluwa ndi kumanga zipatso. Likasoŵa madzi pamenepa limayoyola. Likamira m'madzi masiku angapo limayoyolanso. Zipatso zikayamba kuphulika lekani kuthirira, kuopa kuwoletsa ndi kudetsa thonje limene likanagulidwa pa giredi yoyamba. Ndipo wina asaganize kuti popeza ali ndi pampu angasunge thonje m'munda chaka chonse. Mapesi ayenera kuzulidwa ndi kutenthedwa mukatha kutola monga mwa nthawi zonse, kuti mbozi zisapeze pobisala.

Wina anandifunsa kuti, “Tisungirenji madzi pamene nyanja ili apayi?” Ku Asia kuli nyanja ya Aral, imene inali yaikulu kuposa yathuyi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 mitsinje ya Amu Darya ndi Syr Darya inapatutsidwa kukathirira thonje m'ngalande zodontha, ndipo mabwato a asodzi anatsala pamchenga. Ife sitinafike pamenepo, koma mnzanu wa kumunsi kwa ngalande amagona ndi mkwiyo tsiku limene inu mwasefukiza msewu. Zithaphwi zimenezo ndizo zimaswanso udzudzu ndi nkhono za likodzo.

Inu amene mulibe mtsinje pafupi, tsekani makwawa a mizere yanu ndi timizere topingasa, totalikirana mapazi aŵiri kapena atatu oyenda, kuti mvula ilowe pomwe yagwa. Milimita imodzi ya mvula pa hekitala ndi malita 10,000. Pamakande amene amasunga madzi, timizereti mutitsegule mvula ikachuluka.