Kupuma pantchito msanga m'boma: oyenera ndani, nanga amalandira chiyani?

THYOLO: Wogwira ntchito m'boma amene wakwanitsa zaka 20 ali pantchito ya penshoni ali ndi ufulu wopempha kupuma mwa kufuna kwake, ngakhale asanafike zaka 60 zakubadwa zomwe aliyense amayenera kupuma nazo. Koma zomwe munthuyo angalandire zikutengera ndondomeko ya penshoni yomwe dzina lake lili, popeza kuyambira mu 2017 ogwira ntchito m'boma adagawidwa m'magulu awiri.

Ku Thyolo nkhaniyi ikukhudza aphunzitsi a m'sukulu zomwe zili pakati pa minda ya tiyi, anamwino a pachipatala chachikulu cha paboma, alangizi a zaulimi kuyambira ku Bvumbwe mpaka ku Thekerani, komanso makalaliki a ku ofesi ya bwanamkubwa. Onse amene adalembedwa ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 adutsa kale zaka 20, kotero khomo lopumira ndi lotsekuka kwa iwo.

Ufuluwu udalembedwa m'malamulo oyendetsera ntchito za boma. M'lamulo la Public Service Act la 1994 msinkhu wopumira udali zaka 55, ndipo pambuyo pake boma lidaukweza kufika pa 60, koma malire a zaka 20 za ntchito sadasinthe. Pali njira inanso kwa amene wagwira ntchito zaka zosachepera 10 ndipo wakwanitsa zaka 45 zakubadwa, kungoti ameneyu sangapume popanda chilolezo cha nduna. Kupuma chifukwa cha matenda kapena chifukwa choti udindo wathetsedwa ndi nkhani zina, ndipo asilikali, apolisi ndi majaji ali ndi malamulo awoawo.

Mawu oti "ntchito ya penshoni" ndi amene amapunthwitsa ambiri. Zaka zomwe munthu adagwira ngati waganyu kapena pa kontrakiti sizilowa zokha m'chiwerengero. Mphunzitsi atha kukumbukira bwino tsiku lomwe adayamba kugwira choko, koma ofesi yoona za antchito imawerenga kuchokera pa tsiku lomwe lili pa kalata yomulembera ntchito. Ndi bwino kutsimikiza tsiku limeneli kalata yopempha kupuma isanalembedwe, chifukwa amene wachoka zaka 20 zisanakwane, popanda chilolezo, amatengedwa kuti wangosiya ntchito, ndipo pa ndondomeko yakale wosiya ntchito salandira penshoni.

Gulu loyamba ndi la amene adali atapitirira zaka 35 zakubadwa pa 1 July 2017. Iwowa adatsala pa ndondomeko yakale, yomwe wantchito sadulidwa kanthu pa malipiro ake ndipo boma limalipira penshoni kuchokera m'bajeti ya chaka ndi chaka. Wopuma amalandira gratuity, yomwe ndi ndalama ya nthawi imodzi, kenaka penshoni ya pamwezi kwa moyo wake wonse. Zonsezi zimawerengedwa poona kutalika kwa nthawi yomwe wagwira ntchito ndi malipiro a zaka zake zotsiriza.

Apa ndi pamene pali mtengo wa kupuma msanga. Mlangizi amene adayamba ntchito ali ndi zaka 25 n'kupuma ali ndi 45 amawerengeredwa zaka 20, pomwe mnzake amene wapirira mpaka zaka 60 amawerengeredwa 35, ndipo mwina pa giredi yokwererapo. Wopuma msangayo adzadya penshoni yocheperayo kwa zaka zambiri, ana ali kusekondale kapena kukoleji. Ndalama nayonso siikhala ndi mphamvu imodzimodzi: kwacha idagwa ndi K25 pa K100 iliyonse mu May 2022, n'kugwanso ndi K44 pa K100 iliyonse mu November 2023. Gratuity yomwe ikadamaliza nyumba ku Luchenza isanagwe kwacha siingagulenso matumba a simenti ndi malata omwewo.

Gulu lachiwiri ndi la amene adali ndi zaka 35 kapena kucheperapo pa tsiku lija, pamodzi ndi onse olembedwa ntchito pambuyo pake. Awa ali m'thumba la Public Service Pension Trust Fund, momwe wantchito ndi boma onse amasonkha mwezi ndi mwezi. Lamulo la penshoni limati wolemba ntchito asonkhe ndalama zosachepera K10 pa K100 iliyonse ya malipiro, ndipo wantchito asonkhe K5. Chomwe munthu adzalandire ndi chomwe chasonkhedwa m'dzina lake kuphatikizapo phindu lomwe thumbalo lapanga. Lamulo la Pension Act la 2023 limalola wopuma kutenga theka la ndalamazo nthawi imodzi, kuchoka pa K40 pa K100 iliyonse yomwe lamulo loyamba linkalola, ndipo zotsalazo amazilandira pang'onopang'ono.

Akuluakulu a gulu limeneli, amene adabadwa cha m'ma 1982 n'kuyamba ntchito ali ndi zaka 22 kapena 23, ndi amene ayamba kumene kukwanitsa zaka 20. Koma iwowa asonkha m'thumbali kuyambira mu 2017 mokha. Woganiza zopuma ayenera kupempha chikalata choonetsa ndalama zake, n'kufunsanso mwa kalata momwe zaka zomwe adagwira 2017 isanafike zawerengedwera.

Ogwira ntchito m'maesiteti a tiyi monga Satemwa, Conforzi, Makandi ndi Naming'omba sali pansi pa Public Service Act. Penshoni yawo imayendera Pension Act ndi mgwirizano wa pantchito pawo. M'banja momwe mayi ndi mphunzitsi ndipo bambo ndi kalaliki wa pa esiteti, malangizo a mmodzi sangathandize mnzake.

Ubwino wa kupuma msanga ulipo ndithu. Munthu amachoka mphamvu zikadalipo, ali ndi mpamba m'manja ndi kangachepe ka pamwezi, ndipo atha kuyamba geni kapena kulembedwa ntchito kwina. Kwa boma, malo amatseguka kuti achinyamata ophunzitsidwa kale alembedwe. Koma maganizo ofala oti munthu akapuma akagwira khasu kumudzi ali ndi vuto lake ku Thyolo. Gawo lalikulu la nthaka yabwino lili m'manja mwa maesiteti kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo mabanja ambiri amalima timinda tating'ono tosakwana kugawana. Nthochi zomwe zidatchukitsa dera la Thekerani zidasakazidwa ndi matenda a chisaka, ndipo alimi adachita kuzula n'kubzala zina. Tiyi ndi makademiya zimatenga zaka zingapo zisanayambe kubweretsa ndalama. Ng'ombe zamkaka, zomwe zimathandiza ambiri ku Bvumbwe, zimafuna khola, msipu ndi mankhwala tsiku ndi tsiku. Wopuma ali ndi zaka 45 amene alibe malo akeake atha kuthera gratuity yonse pogula munda wokha.

Pempho lopuma limalembedwa kudzera kwa mkulu wa pamalo a ntchito, n'kupita ku ofesi yoona za antchito kukhonsolo kapena ku unduna. Fayilo imadutsa ku nthambi ya DHRMD ndi kwa oona za kalondolondo wa chuma cha boma isanafike kwa Accountant General, amene amalipira. Kalata yolembedwera ntchito, yokhazikitsidwira pantchito ndi za kukwezedwa konse ziyenera kukhalamo, ndipo tsiku lobadwa ligwirizane ndi lomwe lili pa chiphaso cha unzika. Pepala limodzi likasowa, fayilo imabwerera komwe idachokera.

Ngakhale mafayilo athunthu amachedwa. Kwa zaka zambiri opuma pa ndondomeko yakale akhala akudandaula kuti amadikira gratuity miyezi yambiri, ena kupitirira chaka, pomwe malipiro a pamwezi adaima kale. Ngongole zomwe munthu adatenga kuboma zimadulidwa pa gratuity yomweyo, ndipo wokhala m'nyumba ya pasukulu kapena ya pachipatala amayenera kutulukamo kuti wolowa m'malo mwake apeze pogona.