Mwanabere akakana kuphwa, musaope singano

Ndikamayenda m'makomo mwanu kuno ku Dzaleka pa ntchito yanga yodzipereka, ambiri mumandifunsa kuti, "Adokotala akufuna kubaya chotupa changa, kodi sichikula?" Lero ndiyankhe tonse pamodzi.

Anabere ndi timibulu ta m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche timene timasefa tizilombo m'thupi. Amatupa munthu akakhala ndi chilonda, kenako n'kuphwa okha. Koma akatha milungu itatu osaphwa, makamaka munthu akamaonda ndi kutuluka thukuta usiku, gwero lake lingakhale TB, HIV kapena khansa. Pongogwira ndi dzanja, ngakhale dokotala sangatsimikize.

N'chifukwa chake amalowetsa singano yopyapyala m'chotupacho n'kukoka timadzi pang'ono. Sang'amba, sasoka, ndipo zimatha m'mphindi zochepa. Timadzito amatipaka pa kagalasi n'kutiunika pa maikulosikopu, tina amatiyeza TB pa makina a GeneXpert. Akatswiri ounika khansa ali ku labotale ya chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Timadzi tikachepa, amabwereza kapena amadulako kachidutswa. Zimenezi sizitanthauza kuti matenda akula.

TB ya anabere imachira ndi mankhwala a miyezi 6, aulere m'zipatala za boma. Khansa ya Burkitt, yomwe imatupitsa nsagwada kapena mimba ya mwana, imakula mofulumira, koma imamva mankhwala ikapezeka msanga.

Choncho chokulitsa matenda si singano ayi, koma kuchedwa. Musatemere mphini chotupa, musachifinye. Pitani kuchipatala cha mumsasa muno, ndipo tsiku lomwe akuuzani mukatenge zotsatira zanu.