Masamu a kusekondale ali mu ndowa ya mbatata

Mukafunsa mayi wogulitsa mbatata ya kachewere pamsika wa Ligowe, m'boma la Neno, kuti agulitse ndowa zingati kuti ndalama ya thiransipoti ibwerere, sachedwa kuyankha. Koma mwana wake wa kusekondale akaona y = mx + c pabolodi, thukuta kamukamu. Chonsecho funso ndi limodzimodzi.

Masamuwa, omwe pachizungu amati linear functions, amagwetsa ana ambiri chifukwa amayambira pa zilembo. Mwana amaloweza, mayeso akadutsa zonse n'kuuluka. Pamene maphunziro ambiri a uinjiniya, sayansi ndi zowerengera ndalama salowa munthu wopanda credit ya masamu pa MSCE.

Njira yothandiza ndi kumuonetsa mwana chinthu chimodzi m'maonekedwe anayi: m'mawu, patebulo, pagalafu, kenako m'zilembo.

Mwachitsanzo, mayi uja walipira wa kabaza K6,000, ndipo pa ndowa iliyonse amapindula K1,500. Awo ndi mawu. Patebulo mwana alemba kuti asanagulitse kanthu, mayi ali ndi chibowo cha K6,000. Ndowa ziwiri zikapita, chibowo chatsala K3,000. Pa ndowa zinayi wabweza ya kabaza yonse, ndipo pa ndowa khumi ali ndi K9,000 m'chikwama.

Manambalawa akawaika ngati timadontho pagalafu, amadzindandalika okha pamzere woongoka. Mzerewo umayambira pansi, kungongole, n'kudutsa pa ziro pa ndowa yachinayi. Apa m'pamene y = 1,500x − 6,000 imasiya kuopsa, poti x ndi ndowa zogulitsidwa, m ndi phindu la ndowa imodzi, c ndi ya kabaza ija.

Ndiye mphunzitsi wochenjera amafunsa: nanga mafuta akakwera, wa kabaza n'kunena K9,000? Mzere sukupendekeka mwatsopano ayi, ukungotsika wonse, ndipo mayi adikira ndowa yachisanu ndi chimodzi kuti apume. Koma phindu la ndowa likakwera, mzere umaimirira ngati chitunda cha ku Neno. Mwana amene waona kusiyana kumeneku ndi maso sasokonezanso m ndi c.

Nzeru yophatikiza zilembo ndi zojambula si yalero. Katswiri wa ku France, René Descartes, adaisindikiza m'chaka cha 1637. Kuno kwathu, unduna wa zamaphunziro mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan udayambitsa pulogalamu ya SMASSE mu 2004, yophunzitsa aphunzitsi a masamu ndi sayansi kuti ana azigwira okha ntchito m'kalasi, ndiponso kuti pamene zipangizo palibe azigwiritsa ntchito zopezeka pamalopo.

Ndipo zipangizozo sizivuta. Pepala la galafu likasowa, pabwalo la sukulu pali dothi. Kamtengo kajambula mizere, miyala ikhala timadontho, chingwe chikokedwa kudutsa pamiyalapo. Chovuta kwenikweni ndi nthawi, chifukwa njirayi imadya mapiriyodi pamene silabasi ikudikira, ndipo m'kalasi yodzaza si aliyense amene chingwecho chimamufika m'manja.

Makolo nawo ali ndi gawo. Kope la geni la pakhomo ndi tebulo kale. Mwana angathe kulijambula pagalafu Loweruka madzulo.

Kungoti msika suyenda mowongoka nthawi zonse. Dzuwa likapendeka mayi amatsitsa mtengo kuti asabwerere ndi katundu, kasitomala wina amapempha banyira, ndipo timadontho ta ndowa zomaliza timagwera pansi pa mzere uja.